Kodi Mumadziwa? Shati, Tayi ndi Juzi Zikakumana Pachifuwa Chimodzi

Kodi mumadziwa kuti mawu akuti juzi ndi dzina la chilumba? Chilumbacho ndi Jersey, cha pansi pa ufumu wa Britain koma chokhala pafupi ndi gombe la France. Anthu a kumeneko anakonda kuluka zovala za ubweya wa nkhosa mpaka minda inayamba kugona, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 akuluakulu a pachilumbapo analamula kuti nyengo yokolola ikafika aliyense aike pansi zolukira. Dzina linayenda ndi chovala, litafika pakamwa pathu n'kusanduka juzi. Choncho mukagwada pa mulu wa kaunjika mu June, chiperoni chikuwaza, n'kufunsa kuti "juzi iyi ndi zingati, achimwene?", mwatchula chilumba cha alimi a mbatatesi ndi ng'ombe zamkaka.

Kodi mumadziwa kuti tayi inayambira kunkhondo? Pa nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya, ya 1618 mpaka 1648, asilikali aganyu a ku Croatia amene ankamenyera mfumu ya France ankamanga kansalu m'khosi. Anthu a ku Paris anasirira, nayamba kutengera, ndipo kansaluko anakatcha cravate potsata dzina la mtundu wa asilikaliwo. Mawu omwewo ndiwo anabala gravata ya Chipwitikizi, imene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amaifunafuna ukwati ukayandikira. Ku Croatia ali ndi tsiku la tayi, pa 18 October.

Kodi mumadziwa kuti tayi yabwino amaidula mopendeketsa? M'zaka za m'ma 1920, wosoka matayi wina wa ku New York, Jesse Langsdorf, anapeza kuti nsalu ikadulidwa pa madigiri 45 m'malo motsata ulusi, n'kulumikizidwa zidutswa zitatu, tayi imatamuka pomanga ndipo imabwerera m'malo mwake ikamasulidwa. N'chifukwa chake mizere ya pa tayi imakhala yopendekeka. Pa mpukutu wa nsalu inali yowongoka, sizasi ndiyo inaipendeketsa. Ndiye pamsika chitani izi: igwireni kumchira, mbali yaikulu ilendewere. Ikalendewera chowongoka, ndi yodulidwa bwino. Ikayamba kupotoka ngati njoka yolawa ndodo, ibwezereni pamulu, chifukwa idzapotoka chomwecho pamimba panu kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndipo kaulusi kolendewera kamene mumakaona kuseri, mkati mwa mpindiro, musakadule. Wosoka sanaiwale. Ndi kamene kamalola tayi kutamuka msoko osathetheka.

Nanga mumadziwa kuti mizereyo imaulula kwawo kwa tayi? Ya ku Britain imachokera kuphewa lamanzere la wovalayo n'kutsikira kumanja. Kumeneko mizere inali chizindikiro cha gulu la asilikali, sukulu kapena kalabu, ndipo kuvala ya gulu limene sunalowemo kunali ngati mayi kuvala yunifolomu ya Mvano asanalandiridwe. Kampani ya Brooks Brothers ya ku New York, imene inayamba mu 1818, inatembenuza mizereyo kuti izichokera kumanja kutsikira kumanzere, kuti munthu wamba avale popanda womufunsa kuti anamenya nkhondo iti. Kayang'aneni matayi anu. Mupeza kuti ena ndi Angerezi, ena Amereka, ndipo akhala pa msomali umodzi zaka zonsezi osayambana.

Kodi mumadziwa kuti mizere ikhoza kuvalidwa pa mizere inzake? Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri timagwa. Tinaphunzitsidwa kuti shati ya mizere imafuna tayi yopanda kanthu, ndipo lamulolo silolakwika, kungoti ndi la munthu wamantha. Chimene chimakanganitsa zovala si kufanana kwa dizaini ayi, koma kufanana kwa msinkhu. Shati ya timizere tating'ono ngati tolembedwa ndi pensulo imakhalirana bwino ndi tayi ya mizere yaikulu ngati chala, chifukwa diso limadziwa wamkulu ndani, wamng'ono ndani. Koma mizere ya msinkhu umodzi pa shati ndi pa tayi ndi atambala awiri m'khola limodzi. Wokuonani amasowa poika maso, ndipo m'malo momva zimene mukunena amangoyang'ana pachifuwa. Chimodzimodzi mabokosi: timabokosi ta pa shati, mabokosi akuluakulu pa jekete, zili bwino. Madontho nawo: tayi ya madontho otalikirana pa shati ya mizere yothinana imagwira, pamene madontho othinana ngati nthomba pa mizere yothinana amapweteka mutu. Oimba ng'oma amvetsa msanga. Pabwalo mbalule imakhala imodzi, mpanje ndi zinzake zimagwira pansi, ndipo zonse zikati zilankhule gule amasokonekera. Pa shati, tayi ndi juzi, sankhani imene ikhale mbalule tsiku limenelo. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa, nditadziona pa chithunzi cha ukwati wa mphwanga ndili mizere kumtunda mizere kumunsi ngati mbidzi yosochera ku Nyika.

Mayeso ake ndi aulere. Imani mapazi anayi kuchokera pa kalilole. Timizere tating'onoting'ono ta buluu pa nsalu yoyera timazimirira, shati n'kuoneka ngati ya buluu wowala basi, ndipo shati yotero muiwerenge ngati yopanda dizaini. Ngati pamtunda umenewo zinthu ziwiri zikufuulabe, vulani chimodzi.

Kodi mumadziwa chifukwa chake owerenga nkhani pa TV amapewa timizere ndi timabokosi tothinana? Kamera ili ndi timadontho take tondandalikana m'mizere. Timizere ta shati tikagwera pa mizere ya kamerayo mosalingana, pamabadwa mafunde amene amavina munthu akangosuntha pang'ono. Dzina lake ndi moiré, mawu a Chifalansa. Sanjikizani neti ya udzudzu pawiri, muiyang'anire padzuwa, muwaona mafundewo.

Kodi mumadziwa kuti mtundu umasintha malinga ndi mnansi wake? Mu 1824 katswiri wa sayansi Michel-Eugène Chevreul anaikidwa kukhala mkulu wa za utoto pa fakitale ya Gobelins ku Paris, yoluka nsalu zokongoletsera makoma a nyumba zachifumu. Oluka ankadandaula kuti ulusi wakuda umene ankapatsidwa unali wosuluka. Iye atauyeza anapeza kuti utoto unalibe mlandu. Wakudawo unkaoneka wofooka chifukwa cha buluu ndi pepo zimene zinaikidwa pambali pake. Diso likaona mtundu wamphamvu limapaka mtundu wotsutsana nawo pa chinthu choyandikana nacho, ndipo zimenezi anazilemba m'buku lake la mu 1839. Pachifuwa panu zikutanthauza kuti juzi yotuwa ikayandikana ndi tayi yofiira kwambiri imaoneka ngati yalowa kobiriwira, ndipo buluu woderako amawala akakumana ndi bulauni kapena mtundu wa lalanje. Tayi sagula ili yokha m'manja. Isanjikeni pa shati yake, makamaka panja, osati pansi pa babu la m'sitolo. Chevreul anafa mu 1889 ali ndi zaka 102.

Kodi mumadziwa kuti tayi ya pepo ili pa ubale ndi malungo? Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Perkin, ankayesa kupanga kwinini kuchokera ku mankhwala a m'phula la malasha. Kwinini sanatuluke. M'botolo munangotsala zakuda zonansa, koma atathiramo sipiriti madziwo anasanduka a pepo, ndipo atanyikamo silika mtunduwo unagwira. Ndi pamene panayambira utoto wopangidwa m'mafakitale. Kalekale mtundu umenewu unkachokera ku nkhono za m'nyanja za kufupi ndi mzinda wa Turo, nkhono zikwizikwi pa utoto wochepa, n'chifukwa chake unali wa mafumu. Lidiya wa m'buku la Machitidwe a Atumwi, wogulitsa nsalu za chibakuwa uja, sanali wa geni yaing'ono.

Nanga izi: pakati pa amuna a kumpoto kwa Ulaya, mmodzi mwa 12 alionse sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, pamene mwa akazi ndi mmodzi mwa 200. Kwa anthu akuda chiwerengerocho n'chotsikirapo, koma vutolo limakondabe amuna, ndipo mwana wamwamuna amalitengera kwa mayi ake. Choncho mayi a kunyumba akati "abambo, tayi iyo ndi juzi iyo sizikumvana," nthawi zina si nkhani ya makonda. Akuona chimene inu simukuchiona.

Kodi mumadziwa kuti kaki amatanthauza fumbi? Mawuwa anachokera ku Chiperisiya kudzera m'Chiurdu, ndipo asilikali a Corps of Guides a ku Peshawar ndiwo anayamba kuvala yunifolomu ya mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1840 kuti asamaonekere patali. Mtundu wopangidwira kubisala sukangana ndi wina aliyense. Thalauzi ya kaki imalandira shati ya dizaini iliyonse.

Lamulo lakale limati tayi izikhala yoderapo kuposa shati. Tayi yoyera pa shati yakuda anaitchukitsa ndi achifwamba a m'mafilimu, ndipo fungo limenelo silinachokebe.

Kodi mumadziwa kuti panali shati imene ankaitsatsa ponena kuti imachucha? Nsalu ya madras, ya mabokosi a mitundu yowala, inatenga dzina la mzinda wa Madras ku India, umene kuyambira 1996 umatchedwa Chennai. Inkawombedwa pamanja ndi ulusi wonyikidwa mu utoto wa zomera umene unkasungunuka pochapa, mitundu n'kulowerana. Ogula a ku America atayamba kudandaula, amalonda anatembenuza nkhani: anayamba kulemba pa chikwangwani kuti nsaluyi ichucha ndithu, ndipo kuchuchako ndi umboni woti ndi yeniyeni. Inayenda malonda m'zaka za m'ma 1960. Shati ya madras ndi mbalule kale. Isiyeni iimbe yokha, ndipo ngati tayi ikufunika, ikhale ya mtundu umodzi woderako.

Gingham, ya timabokosi toyera ndi mtundu umodzi tofanana ndi nsalu ya patebulo kapena yunifolomu ya ana a sukulu, poyamba inali ya mizere. Akatswiri ambiri a mawu amati dzinali linachokera ku genggang, mawu a chinenero cha ku Malaya otanthauza mizeremizere. Mafakitale a ku Manchester ndiwo anaisandutsa ya mabokosi m'zaka za m'ma 1700.

Kodi mumadziwa kuti shati ina yolemekezeka inatengera bulangete la hatchi? Mu 1766 Richard Tattersall anatsegula msika wa mahatchi ku London, ndipo mabulangete ofunditsa mahatchiwo anali ndi timizere ta mitundu iwiri todutsana pa nsalu yowala. Dizainiyo mpaka lero imatchedwa tattersall. Ubwino wake ndi woti imakusankhirani yokha tayi: ngati timizere take ndi tobiriwira ndi tofiirira, tengani tayi ya umodzi mwa mitundu iwiriyo, nkhani yatha. Nzeru imeneyi imagwira pa shati iliyonse ya mabokosi. Musatsate mtundu waukulu, tsatani kamtundu kobisala, tayi ikakweze. Koma poti kwawo n'kukhola, tattersall imamvana ndi tayi ya ubweya kuposa ya silika wonyezimira.

Kodi mumadziwa kuti duwa lopindika ngati nthanga ya mango ya pa matayi ambiri lili ndi dzina la tauni imene silinabadwireko? Kwawo ndi ku Persia, kumene amalitcha boteh, ndipo linafika ku Ulaya pa mashawelo a ku Kashmir. M'zaka za m'ma 1800 owomba nsalu a ku Paisley, pafupi ndi Glasgow ku Scotland, anapanga mashawelo otsanzira ochuluka kwambiri mpaka duwalo linatenga dzina la tauni yawo. Tauni yomweyo ndi kwawo kwa ulusi wa Coats. Kutsidya kwa mtsinje wa Clyde, ku Clydebank, kunali fakitale yaikulu ya makina osokera a Singer, imene inatsekedwa mu 1980. Ndipo kumtunda kwa mtsinje womwewo kuli Blantyre, kumene David Livingstone, wobadwa mu 1813, analowa ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ntchito yake ili yolumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Telala wa pakhonde ku Ndirande, akamapalasa Singer yakale mu mzinda wotchedwa Blantyre, wazunguliridwa ndi chigwa chimodzi cha ku Scotland. Tayi ya paisley, poti ilibe mzere wowongoka, imafewetsa shati ya mizere. Pa mabokosi akuluakulu ndiye ayi.

Dizaini ina ya timano tokhotakhota takuda ndi toyera Angerezi amaitcha dzino la galu, pamene Afalansa amati phazi la nkhuku. Ina, yooneka ngati zilembo za V zondondozana, inatchedwa herringbone poifanizira ndi minga ya nsomba ya herring. Aliyense amene anadyapo chambo mpaka kutsala msana aizindikira. Ndipo madontho a polka anatenga dzina la gule amene anapenga naye anthu a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1840, ngakhale nkhanga inawavala kalekale gule asanabadwe.

Kodi mumadziwa kuti mwamuna amene anazolowetsa dziko kusakaniza madizaini anali mfumu imene inasiya mpando? Edward VIII wa ku Britain, amene anatula ufumu mu 1936 n'kukhala Duke of Windsor, ankavala mabokosi, mizere ndi zoluka zamaluwa nthawi imodzi, akuluakulu a kunyumba yachifumu akuluma mano. Ali kalonga, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, anaoneka atavala juzi ya ku Fair Isle, kachilumba ka pakati pa Orkney ndi Shetland kokhala anthu osakwana 100, ndipo oluka a kumeneko anasowa nthawi yopuma. Juzi zimenezi zimaoneka ngati zili ndi mitundu yosawerengeka, koma chinsinsi chake ndi chakuti mzere uliwonse wa kuluka umakhala ndi mitundu iwiri yokha. Ulusi umene sukugwira ntchito umadutsa kuseri, choncho juzi imakhala ngati ya nsalu ziwiri, yofunda bwino ku Dedza kapena ku Mzuzu mu July. Itembenuzeni muone timaulusi topingasa mkati. Ngati mulibe, sinalukidwe mwa njira ya ku Fair Isle. Juzi yotere imafuna shati yoyera kapena ya buluu wowala, ndi tayi yachete.

Chodabwitsa n'chakuti mfundo yaikulu ya tayi yotchedwa Windsor Edward sankaimanga. Ankamanga mfundo wamba, koma matayi ake ankasokedwa ndi nsalu yokhuthala, mfundo n'kutuluka yaikulu. Omutsanzira, pokhala ndi matayi opyapyala, anachita kupeka njira yozunguliza kawiri. Phunziro lake ndi la nsalu: tayi yokhuthala ya ubweya imafuna mfundo yaing'ono, apo ayi pakhosi pamera chibakera.

Kodi mumadziwa kuti njira zomangira tayi anaziwerenga? Mu 1999 akatswiri awiri a sayansi a pa yunivesite ya Cambridge, Thomas Fink ndi Yong Mao, anapeza njira 85, ndipo mwa zimenezo 13 zokha ndizo anati n'zooneka bwino. Mu 2014 gulu la katswiri wa masamu wa ku Sweden, Mikael Vejdemo-Johansson, litalola kuti mchira wa tayi nawo uzizungulira, linafika pa 177,147. Ambirife tikadali pa imodzi, ndipo ena amasunga tayi yomangiratu imene anawamangira mlamu wawo chaka chatha.

Kodi mumadziwa kuti juzi ya madayamondi ili ndi mbiri ku Joni? Dizaini ya argyle inachokera ku nsalu ya fuko la Campbell la ku Argyll, kumadzulo kwa Scotland, ndipo kampani ya Pringle, imene inayamba mu 1815 ku Hawick, ndiyo inaifalitsa pa majuzi ndi masokosi a osewera gofu. Ku South Africa inachoka pabwalo la gofu n'kulowa m'malokeshoni, kumene Pringle inakhala chizindikiro cha mwamuna wotchena. Anyamata a Chixhosa akatuluka kuchinamwali amavala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kwa zaka zambiri juzi yake inali ya ku Scotland. Laduma Ngxokolo wa ku Gqeberha, cha m'ma 2010, anayamba kuluka majuzi a maluwa otengera mikanda ya Chixhosa kuti anyamatawo avale za kwawo, ndipo ndi mmene inabadwira MaXhosa. Ubweya sanausowe: South Africa imatulutsa pafupifupi theka la mohair yense wa padziko, ubweya wa mbuzi za Angora zoweta ku Karoo. Madayamondi a argyle ndi akuluakulu, choncho pansi pake pamafunika timizere kapena timabokosi tating'ono.

Nkhondo ya ku Crimea inasiya mayina atatu m'sutikesi. Juzi ya mabatani kutsogolo ndi cardigan, dzina la Lord Cardigan amene anatsogolera okwera mahatchi oposa 600 kulunjika pa mizinga ya Russia pa 25 October 1854. Mkono wa juzi wosokedwa kuchokera m'khosi kutsikira kukhwapa ndi raglan, dzina la mkulu wa asilikali Lord Raglan amene anaduka mkono ku Waterloo mu 1815. Ndipo chipewa chobisa nkhope ndi balaclava, dzina la malo a nkhondoyo.

Kodi mumadziwa kuti nkhani yotchuka ya majuzi a ku Aran ndi nthano? Amati banja lililonse la asodzi a pa zilumba zitatu za kufupi ndi Galway ku Ireland linali ndi kalukidwe kake, kuti womira m'nyanja akapezeka azindikiridwe ndi juzi. Nkhaniyi imagulitsa, koma majuziwo anayamba kulukidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo oluka ankangotengerana nzeru. Chenicheni n'chakuti juzi ya Aran imakhala ya mtundu umodzi, woyererako ngati mkaka, koma zingwe zake zopotana zimaponya mithunzi. Kukhakhala nako ndi dizaini. Mukaivala muiwerenge ngati yamaluwa.

Mfundo imeneyi ambiri amaiphonya: nsalu imalankhula ngakhale ilibe cholembedwa. Tengani shati ya Oxford muiyang'anitsitse. Ulusi woimirira ndi wa buluu, wopingasa ndi woyera, ndipo zalukana ngati lichero, n'chifukwa chake imaoneka ya buluu wa phulusa ndipo imakhakhala pang'ono m'manja. Poplin ndi yosalala, yopyapyala, ya ku ofesi ndi kutchalitchi. Zokhakhala zimafuna zokhakhala zinzake, zosalala zimafuna zosalala: Oxford ndi tayi yoluka kapena ya ubweya, poplin ndi silika. Tayi yonyezimira ngati pepala la switi pa juzi yokhuthala imaoneka ngati mlendo wolakwitsa nyumba. Ndipo shati yonyezimira ndi tayi yonyezimira ya mtundu womwewo, zogulitsidwa m'bokosi limodzi zija, ndi chikomekome cha mkuyu. M'sitolo zimakopa, mu October zimasunga thukuta ngati jumbo.

Ngati mukufuna tayi imodzi yothetsa milandu yonse, ilipo. Imatchedwa grenadine, silika wolukidwa motayana ngati kaukonde pa makina akale a ku Como, kumpoto kwa Italy. Patali ndi ya mtundu umodzi, pafupi ili ndi timaenje togwira kuwala. Ya buluu woderako imakwera pa mizere, pa mabokosi, pa juzi, paliponse. Sean Connery ankavala zimenezi m'mafilimu a James Bond.

Kodi mumadziwa kuti pali nsalu imene ili ndi lamulo lakelake la ku nyumba ya malamulo? Lamulo la Harris Tweed la mu 1993 limati nsaluyi iyenera kuwombedwa pamanja ndi anthu a pa zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, pakhomo pawo, ndi ubweya wonyikidwa ndi kupotedwa pa zilumba zomwezo. Chizindikiro chake ndi mpira wokhala ndi mtanda pamwamba, ndipo mukachiona mkati mwa jekete ya pa kaunjika musaonetse chimwemwe mtengo usanatchulidwe. Ubweya wake amaunyika asanaupote, n'kusakaniza mitundu ingapo mu ulusi umodzi. Jekete yooneka ya bulauni, mukaiyandikira, ili ndi timadontho ta chikasu, tobiriwira, ta buluu ndi tofiira. Tayi ya mtundu uliwonse mwa imeneyo igwirizana nayo.

Kolala ya mabatani kunsonga inachokera kwa osewera polo, amene sankafuna kuti kolala iziwamenya kumaso hatchi ikamathamanga. John Brooks anaiona ku England mu 1896 n'kupita nayo ku America. Pansi pa juzi ya khosi lozungulira ndiyo yabwino, chifukwa nsonga zake sizithawira kunja. Ngati mukufuna tayi ioneke, juzi ikhale ya khosi la V.

Kodi mumadziwa kuti ma sapeur a ku Brazzaville ndi Kinshasa, otchena mpaka msewu kuima aja, ali ndi malire? Lamulo lawo lodziwika limati mitundu isapose itatu pa thupi limodzi. Munthu atha kuvala suti ya pinki, koma awerenge. Ku Johannesburg nako kuli ma swenka, amuna a Chizulu ogona m'mahositelo, amene Loweruka usiku amapikisana pa kutchena pamaso pa woweruza, akumaonetsa mmene sokosi yayankhira tayi ndi mmene kansalu ka m'thumba kayankhira shati.

Nanga mumadziwa kuti kuli dziko limene tayi inali yoletsedwa? Ku Zaire, kuyambira 1972 mpaka 1990, Mobutu Sese Seko analetsa suti ndi tayi, nalamula jekete yotseka khosi yotchedwa abacost, chidule cha mawu a Chifalansa onyoza suti. Kenneth Kaunda sanaletse munthu, koma suti yake ya safari inatchuka mpaka ku East Africa amaitcha Kaunda suti, ndipo mu 2023 nyumba ya malamulo ya Kenya inaletsa aphungu kulowa nayo. Nelson Mandela anasankha shati za maluwa a batik zovala kunja kwa thalauzi, batani la pakhosi lotseka, tayi palibe. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anaphunzira ku Edinburgh n'kugwira udokotala ku Liverpool, North Shields ndi London asanatsike ndege pa Chileka pa 6 July 1958, anapita kwina: suti yoderako ya zidutswa zitatu, tayi, chipewa cha Homburg ndi litchowa m'manja, ngakhale poyendera chimanga m'minda.

Kodi mumadziwa kuti kolala yoyera pa shati ya mizere inabadwa chifukwa cha kutopa ndi kuchapa? M'zaka za m'ma 1820, Hannah Montague wa ku Troy m'chigawo cha New York anatopa kuchapa shati yonse ya mwamuna wake pamene chakuda chinali kolala yokha. Anaidula, naichapa payokha, n'kuimangiriranso. Nzeruyo inafala mpaka Troy anatchedwa mzinda wa makolala, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 amuna ankagula shati padera, makolala oyera olimbitsidwa ndi sitachi padera. Pambuyo pake, kolala ya shati ya mizere ikaperepeseka ndipo nsalu yofanana nayo itasowa, osoka ankangoikapo yoyera. Lero shati yotero imaoneka ya mabwana a kubanki, chonsecho chiyambi chake ndi chigamba. Atelala athu ali ndi njira yawo yotsika mtengo: amasula kolala yothetheka, n'kuitembenuza, mbali yoperepeseka n'kubisala kunsi. Pa shati ya mizere, muuzeni telalayo asanayambe kupalasa kuti mizere ya kunsonga ziwiri za kolala ifanane, chifukwa ikapendekera mbali imodzi tayi yowongoka imaoneka yokhota.